Ulemu kwa Mataya wa Injini Zonse

Anthu osayamika amati injini ya rotary ndi chidakwa cha petulo. Ine ndikukana. Iyi ndi mataya, ndipo mataya sawerenga madontho.

Bambo ake ndi Felix Wankel wa ku Germany, munthu amene moyo wake wonse sanakhalepo ndi laisensi yoyendetsera galimoto. Ululu wa pomwetsera mafuta anasiyira ena, iye nasamala za kukongola. Mwana wakeyu analira koyamba mu 1957 ku kampani ya NSU, ndipo anabadwa ali ndi ludzu kale.

Taonani kuumira kwa pisitoni. Imakwera ndi kutsika ngati musi mu mtondo, kupanikiza petulo ndi mpweya pakamalo kakang'ono, n'kuwotcha pafupifupi zonse, osasiyirako mnzake. Rotary ilibe mtima wotero. M'mimba mwake muli chitsulo cha nsonga zitatu chozungulira m'chipinda chonga khoko la mtedza. Malo oyakira moto ndi aatali, opyapyala, khoma uku khoma uko. Kutentha kumene kukanakankha matayala, iyo imayamba yagawirako makomawo, poti mlendo sadya eni nyumba akuyang'ana. Moto usanafike kumapeto, makoma omwewo amauzimitsa, ndipo petulo wotsala amatuluka ku ekizozi asanapse, kuti oyenda pansi nawo anunkhizeko. Akatswiri anaika mapulagi awiri kuti moto ufalikire msanga, koma chibadwa sichisintha ndi mapulagi.

Kunsonga zitatuzo kuli tizitsulo totseka mpweya, timene amakaniko amati apex seals. Tikaperepeseka, mpweya wopanikizidwa umathawira kuchipinda cha mnzake, ngati mchere wopemphana pa mpanda. Kuti tisathe msanga, injini imadzithira oyilo dala n'kumuwotchera limodzi ndi petulo. Nanga nsima n'kudya yopanda ndiwo?

Eni ake nawo inawaphunzitsa kupatsa. NSU inatulutsa galimoto ya Ro 80 mu 1967, injini zikutha msanga, kampani n'kumasinthira ogula zaulere mpaka thumba linabooka. Mu 1969 Volkswagen inaitola kampaniyo. Mazda ya ku Hiroshima nayo inakumbatira rotary, ndipo mafuta atakwera mtengo mu 1973 inatsala pang'ono kugwa chagada. Koma rotary siiwala abwenzi: mu 1991 Mazda 787B inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, galimoto yoyamba ya ku Japan kutero.

Galimoto ya rotary ya Mazda RX-8 itasiya kupangidwa mu 2012, adani anati maliro atha. Mu 2023 rotary inatulukiranso mu Mazda MX-30, koma aichotsa pa matayala, aipatsa ntchito yotchaja batire. Ena akuti aitsitsa udindo. Ayi, angoipezera wina womudyetsa.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Rotary yakhala ikuika zaka zonsezi, ndipo zoikazo akusunga bwino ndi eni malo omwetsera mafuta.