Nguli Yamanzere, Mbala Yoyenera Nduwira

Ku Masongola, m'tsinde mwa phiri la Zomba, ulemu umapita kwa zinthu zikuluzikulu: nyumba imene John Buchanan anamangira kazembe wa Britain mu 1886, ija inadzasanduka hotela, ndi Nyumba ya Malamulo imene aphungu anasamukamo mu 1994. Koma nguli yozungulira chakumanzere, mbala yaulemu kuposa zonse za pabwalo, palibe amene anaiimbirapo m'manja.

Nguli ndi kamtengo kosemedwa kosongoka kunsi, koyendera chikwapu cha khonje. Kumene izungulire kumadalira mmene mwana wakulungira chingwe ndi dzanja limene wakokera. Apa ndiye pamene mwana wamanzere, uja agogo amam'menya dzanja akapisa m'mbale ya nsima, amabwezera chipongwe. Akangokwapula nguli ya mnzake, chingwe chimatsutsana ndi liwiro lake, nguli n'kudzandira, n'kugwa chagada. Ndewu yake imafika mpaka kwa amayi.

Anthu a ku Japan, ochenjera pa malonda, vuto lomweli analiveka ufumu. Mu 1999 kampani ya Takara inatenga nguli yawo yamakolo, beigoma, n'kuisandutsa Beyblade, yapulasitiki ndi chitsulo, yomenyana m'kabwalo konga beseni. Takao Aoki anajambula nthano yake, ndipo mu 2001 inafika pa kanema. Mnyamata wotsogolera nthanoyo, Tyson, anapatsidwa Dragoon, nguli yamanzere. Mu 2009 kunabwera L-Drago ya Ryuga, mnyamata woopsa woseka ngati wamisala, nayonso yamanzere.

Chinsinsi cha kuba kwa nguli yamanzere si ufiti. Nguli ziwiri zikamazungulira mbali imodzi, pamalo pamene zikugundana m'mphepete mwake mumathamangira kosiyana, choncho zimamenyana kolimba, kutayana uku ndi uko, zonse n'kutopa. Koma ina ikalowera kumanja ina kumanzere, m'mphepete mwake mumayendera limodzi ngati magiya olumana. Yothamanga imakankha yaulesi, yaulesi n'kupezako mphamvu. Mwachidule, yamanzere imadya thukuta la mnzake. Mu 2010 opanga zidolezi anafika poika rabala m'mbali mwa Meteo L-Drago kuti izigwira bwino pakuba.

Ulemu wake ndi umenewu! Nguli zina zimadalira mkono wa mwini wake. Iyi ingathe kuponyedwa mofooka dala, n'kumangoyandikira mwaulemu, kukhudza pang'ono, kukhudzanso, mpaka liwiro la zonse ziwiri litafanana. Ikatero imangodikira. Wopambana ndi amene watsala chiimire, ngakhale atangoposa ndi kuzungulira kumodzi kokha, ndipo apa nsonga yakunsi ndiyo imagamula mlandu. Tauni ya Zomba, imene inasunga andale zaka zambirimbiri, siyenera kudabwa ndi luso lotere.

Adani ake amati ndi yamantha. Ayi, ndi yodziwa kusunga chuma. Zoona, nguli yolemera yaukali ingathe kuigunda kamodzi n'kuitaya kunja kwa bwalo isanabe kanthu, koma imeneyo ndi nkhanza chabe.

Tsoka lake lenileni ndi kukumana ndi m'bale wake. Yamanzere ikapezana ndi yamanzere inzake, magiya aja salumananso, kuba kumakanika, ndipo akuluakulu awiriwa amakakamizika kuchita chimene akhala akuchizemba moyo wawo wonse: kumenyana ndi mphamvu zawozawo.