Dekoda Yafika, Marimoti Awiri

Mayiko atagwirizana ku Geneva mu 2006 kuti pofika pa 17 Juni 2015 wailesi za kanema zikhale zitasiya analogi n'kuyamba dijito, palibe nduna imene inaganizira za mwana wotembenuza eriyo. Chiyambireni wailesi ya kanema ya TVM mu 1999, makomo ambiri ku Ndirande ndi ku Kawale anali naye: mpira ukayamba, iye ali panja atakumbatira nsungwi, bambo akukuwa pawindo kuti, "Pomwepo! Iwe, wapitirira, bwerera!"

Analogi inali ndi chisoni. Siginolo ikafooka, chithunzi chinkachita mchenga, koma wowerenga nkhani ankaonekabe ngati munthu wodutsa m'fumbi la mu Okutobala. Dijito ilibe manyengwe: mwina chithunzi chili mbee, mwina wosewera wangouma mwendo uli m'malere, chigoli n'kuchimvera kwa aneba.

Mphekesera nazo sizinagone. Ena anamva zoti kanema wakale wa chimsana uja watha ntchito, mpaka kuyamba kumusakira wogula. Chonsecho chofunika ndi dekoda ya DVB-T2, monga Kiliye Kiliye ya kampani ya boma ya MDBNL. Imalandira siginolo kuchokera pa eriyo n'kuipatsira kanema yemwe uja, kansalu kake koluka osachotsapo.

Phindu lake n'lakuti mpata umene unkanyamula tchanelo chimodzi tsopano umanyamula matchanelo ambirimbiri. Kale banja silinkakangana, poti chosankha panalibe. Lero agogo akufuna mapemphero, mayi sewero, bambo nkhani. Marimoti nawo ndi awiri, mabatire ake akuchita kubwerekana ndi tochi, ndipo mwini nyumba akudikira mdzukulu aweruke kusukulu kuti adzamuuze pamene pali batani la AV.