Unduna wa Zachuma wa Pabalaza

Banki yaikulu ya Reserve italengeza mu Novembala 2023 kuti kwacha yatsika mphamvu ndi 44 peresenti, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anaimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma, nadula pakati mafuta a galimoto za nduna. Nkhaniyi inawakomera kwambiri azibambo a m'tauni, poti anapezerapo mawu atsopano okalankhula kunyumba. Kuyambira pamenepo, ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi, khomo lililonse lili ndi nduna yake ya zachuma, ndipo ndunayo imawerenga bajeti itavala vesiti ndi kabudula.

Tiyeni tilowe papoloti pena ku Chilobwe, pa nyumba zamdadada zija za mpopi umodzi, bafa limodzi ndi mita imodzi ya magetsi. Mu nyumba yapakati bambo azimitsa TV, atenga kope la mwana wa Sitandade 5, nang'amba tsamba lapakati.

"Mayi, ana inu, khalani pansi. Zinthu zavuta. Kuyambira lero shuga ndi supuni imodzi pa kapu. Yosadzaza."

"Supuni yake iti, adadi?" afunsa chitsirizira. "Yaing'ono ija, kapena yodyera phala?"

"Iwe ukhala loya. Chachiwiri, buledi ndi wa Lamulungu lokha. Masiku ena onse ndi mbatata. Chachitatu, maulendo onse akunja aimitsidwa."

Apa mayi aleka kusadzula masamba. "Akunja ake ati, bambo? Ife tinayamba takwerapo ndege?"

"Kwanu ku Ntcheu kuja. Ndi kunja kwa Blantyre."

"Nanga kwanu ku Thyolo?"

"Amenewo ndi maulendo a ntchito."

Bajeti yadutsa popanda wotsutsa, poti otsutsa onse amadya m'manja mwa nduna yomweyo.

Ntchito imayambira pa magetsi. Kukangoda bambo amayendera zipinda zonse kuzimitsa mababu, mwana akuwerenga ali pakati pa samu. Aliyense wodziwa zamagetsi angawauze kuti timababu tamakonoti timadya pang'ono zedi, ndipo chimene chimameza mayunitsi ndi chilichonse chotentha: simbi, ketulo, mbaula yamagetsi. Koma simbi siikhudzidwa, chifukwa malaya a bambo amasitidwa m'mawa uliwonse, amodziamodzi, simbiyo ikutenthera pachabe pamene iwo akusankha tayi. Kusita zovala za sabata yonse nthawi imodzi, ati ndi za ana a sukulu yogonera konko.

Mayunitsi akatha pa 18, poloti lonse limasonkhana pampopi. Aliyense amalumbira kuti m'nyumba mwake muli mababu awiri ndi tchaja ya foni basi. Aliyense amalankhula mokweza, ndipo wokweza kwambiri ndi uja ali ndi kambaula kamagetsi kunsi kwa bedi, kamene amaphikira nyemba anzake atagona. Msonkhano umatha ndi chigamulo choti asonkhenso, nyemba zija zikupitirira kupsa ndi ndalama za onse.

Firiji inazimitsidwa kalekale, koma kuigulitsa n'kosatheka, chifukwa anthu angaione ikutuluka pageti. Ili pabalaza, yayalidwa kansalu, pamwamba pali duwa lapulasitiki, ndipo mkati mwake mumasungidwa shuga poti nyerere sizilowamo. Dishi ya DStv nayo ili ngwii padenga ngakhale kuti kulipira kunalekeka chaka chatha. M'nyumba anthu akuonera MBC, koma wodutsa mumsewu akudziwa kuti pano pamakhala anthu.

Pa nkhani ya ndiwo, munthu wa m'tauni sanena kuti ndalama zamuthera. Amanena kuti adokotala anamuletsa. M'zaka zimene mitengo yakwera, madokotala osaoneka awa aletsa anthu nyama, mazira, mkaka, majarini ndi mafuta ophikira, ndipo chodabwitsa n'chakuti chiletsocho chimatha mphamvu munthu akafika pa ukwati wa mnzake. Chisoso ndi bonongwe, zimene dzana ankati ndi ndiwo za kumudzi, lero akuti zimawonjezera magazi. Kuyenda wapansi kuchoka ku Chilobwe mpaka m'tauni akuti ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo wa kabaza akaima n'kufunsa kuti "Tipite, bwana?" bwanayo amayankha kuti akuchepetsa mimba, chikhalirecho lamba anaboola kale bowo lachitatu.

Mayi nawo ali ndi luso lawo. Bonya amamuphika mwakachetechete, chitseko chili chotseka. Koma tsiku la nyama ya soya mbaula imatulutsidwa pakhonde, anyezi amakazingidwa mpaka fungo lifike kwa a landilodi, ndipo chivundikiro cha poto chimalizidwa kawiri katatu. Akatha kudya, bambo amatuluka ali ndi kamtengo kukamwa, kutokosa m'mano nyama imene inamera m'munda.

Komatu ndalama zenizeni sizithera pa supuni ya shuga. Zimathera pa kagulidwe. Malipiro akangolowa, a landilodi ali pakhomo, wakatapila ali pafoni, wa okala watulutsa kope lake. Zotsala sizikwana thumba la chimanga, choncho banja limayamba kugula moyo wa tsiku limodzi: ufa wa wokumani, mafuta a m'kachubu, shuga wa m'kapepala, makala a m'kajumbo, sopo wodula pakati. Chilichonse pachokha chimaoneka chotchipa, koma ukaphatikiza za mwezi wonse upeza kuti wosauka wagula ufa modula kuposa bwana wa ku Namiwawa amene anagula matumba ake nthawi yokolola. Bambo amadziwa zimenezi, masamu anakhoza bwino. Chimene chimawavuta n'chakuti mwezi wa Meyi, chimanga chikatsika mtengo, ndi mwezi womwewo umene maukwati amayamba kuchuluka.

Apa ndiye tafika pa zigawo za bajeti zimene sizikambidwa pamsonkhano. Mayi ali mu komiti ya ukwati wa mwana wa mnzawo wa ku kwaya. Pakufunika chitenje cha yunifolomu, telala, nsapato zogwirizana ndi chitenjecho, tsitsi logwirizana ndi nsapatozo. Ukwati usanafike pali chinkhoswe, pali bridal shower, ndipo chilichonse chili ndi mtundu wake wa zovala. Tsiku la ukwati mayi amapita kwa osintha ndalama ndi K5,000 imodzi, ija inatuluka mu 2022 anthu n'kumaiopa, n'kubwerako ndi mpukutu wa ma K50 woti aponye nthawi yaitali. Woyendetsa mwambo amadziwa ntchito yake. Aitana a kuchikazi, mayi anyamuka. Aitana a kwaya, anyamuka. Aitana onse ochokera ku Ntcheu, onse obadwa mwezi wa Juni, onse ovala zofiira, ndipo mayi akupezeka m'magulu onsewo, akuvina, akuponya, nkhope ili mwee, mumtima akuwerenga kuti ija yagwa apo inali ya tomato wa Lachiwiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, koma pusiyo sanali mu komiti.

Bambo akamadandaula za perekaniperekani, mayi amangofunsa funso limodzi: "Nanga Loweruka lija munali kuti?" Loweruka bambo amapita "kukaonana ndi anthu." Anthuwo amapezeka pamalo pamene pali TV yaikulu, pamene Bullets ikumenyana ndi Wanderers kapena matimu a ku England akuthamangitsana. Munthu amene kunyumba amawerenga timitengo ta machesi, kuno amakweza dzanja n'kuzunguliza chala, kutanthauza kuti tebulo lonse lilandire. Mang'ina abwera, kanyenya abwera. Kenaka pali kubetcha pafoni, kumene bambo amakutcha bizinesi. Bizinesi yake imakhala itatsala pang'ono kuphula sabata iliyonse, kungoti timu imodzi yokha ndi imene imawalakwira.

Mipata yonseyi imatsekedwa ndi banki m'khonde. Mayi ali m'magulu awiri: la Lachitatu limabweza ngongole ya la Loweruka, la Loweruka limabweza ya la Lachitatu, ndipo chiwongoladzanja chikukula mbali zonse. Pofika Disembala, nthawi yogawana, anzawo akutenga ndalama zogulira feteleza ndi malata, iwo akutenga moni ndi botolo la Fanta.

Alendo nawo ali ndi ndondomeko yawo. Akale anati mlendo ndi mame, koma mame a m'tauni ena amafika mwezi wachitatu asanakamuke, akudikira ntchito imene malume anawalonjeza pamaliro. Choncho mlendo amayamba waonedwa m'manja. Akatsika basi ndi kachikwama kokha, ana amauzidwa kuti nsima ichedwe, ndipo pabalaza pamakambidwa za kudula kwa zinthu mpaka mlendoyo amve yekha. Koma akatulukira ndi thumba la chimanga pamutu, mtedza m'chitenje, nkhuku kukhwapa, bambo amathamanga okha kukamulandira. "Azakhali! Bwanji osaimba kuti tikakuchingamireni?" Usiku womwewo banja limene limaseka anthu akumudzi kuti ndi otsalira limadya nkhuku koyamba chichokereni Khirisimasi, ndipo adokotala aja sakumbukidwa.

Pa poloti lomweli, kunyumba ya kumapeto kufupi ndi bafa, kumakhala mayi wina wamasiye wogulitsa mandasi. Ameneyu ndiye amasekedwa ndi onse. Padenga pake palibe dishi. Kuseri kwa nyumba anaika matumba akale a simenti odzaza dothi, momwe muli mpiru, repu ndi anyezi, ndipo amathirira ndi madzi otsukulutsira mbale. Kuchigayo amagayitsa mgaiwa osakonola, chifukwa akuti sangalipire kawiri kuti gawo lina la chimanga chake lisanduke madeya a nkhumba za eni ake. Nyemba amaziviika usiku kuti zisadye makala, mbaula yake ndi ija ya dothi mkati, ndipo akatha kuphika amazima makala otsala kuti agwire ntchito mawa. Mkute sataya. Kumsika amapita madzulo, ogulitsa akamafuna kuweruka, pamene mulu wa tomato umakula wokha. Zovala za ana amasankha pa kaunjika, ndipo mnzake akamuyamikira kuti diresi lakukhalani, iye amatchula mtengo wake weniweni mokweza, anthu n'kuchita manyazi m'malo mwake.

Choipitsitsa n'chakuti ku ukwati amapita ndi chitenje chimene ali nacho kale. Amanyamuka kamodzi, amaponya imene anakonza, amavina nyimbo yonse mpaka kutha, n'kukhala pansi. Akaitanidwa mu komiti amayankha kuti, "Ine ndidzabwera kudzaphika, asisi, koma za yunifolomu mundikhululukire." Azimayi a pampopi amati ndi woumira. Mu Meyi, anzake akuyesa madiresi kwa telala, iye amakwera lole kupita kumudzi n'kubwerako ali mbuu ndi fumbi, atakhalira matumba a chimanga, amene amawathira mankhwala a anankafumbwe n'kuwasanja kuchipinda. Bambo a nyumba yapakati amamuyang'ana pawindo n'kupukusa mutu. "Tauni sanaizolowere mayi ameneyu."

Ndiye kumabwera Januwale. Khirisimasi inadya malipiro a Disembala, sukulu zatsegulira, fizi ikufunika, yunifolomu yachepa, mvula ikugwa, makala anyowa n'kukwera mtengo, chimanga pamsika chafika poti ogulitsa amatchula mtengo akuyang'ana kumbali. Nthawi imeneyi kanjira kopita kunyumba ya kumapeto kamayera. Oyamba kutumidwa ndi ana, atanyamula kambale kobisa m'malaya.

"Odi! Amami akuti mutibwerekeko kaufa, abweza adadi akalandira."

"Akutinso chiyani?"

"Akuti ndisanene kuti ndi amami andituma."

Mayiyo amapereka, koma amalemba. Sabata yachitatu kambale kachepa, ndipo nkhani yakula moti ikufunika nduna yeniyeni. Bambo amadikira kuti kude, amavala jekete, natenga chikwama chawo cha laputopu chimene laputopu yake inapita kwa wakatapila mu Novembala. Amayenda ngati akupita kubafa, kenaka n'kukhotera pakhomo paja.

"Odi, mayi. Ndimati ndikuoneni, mwakhala bwanji masiku ano?"

"Tili bwino, bambo. Mwabwera ndi chotengera?"

Bambo atsegula chikwama. Mayiyo athiramo mgaiwa, mbale imodzi, ziwiri, zitatu, naikanso kamtolo ka mpiru pamwamba.

"Kungoti adokotala anati mgaiwa ndi wabwino m'thupi," atero bambo.

"Eya, chaka chino auza anthu ambiri."

"Komatu izi zikhale pakati pa ife awiri, mayi. Mukudziwa mmene anthu a pano alili pakamwa."

Mayiyo atenga kope lake, nanyowetsa chala, n'kuyamba kutsegula masamba kufunafuna malo opanda dzina. Atsegula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu.

"Musade nkhawa, bambo, palibe woti akuululeni. Onse ali momwemu. Ndikulembani pansi pa a landilodi."