Mlonda wakaniza bwana pageti

Pamalo ena ogona alendo cha ku Sani, m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, bandulo ya intaneti ya mwezi wathunthu inkatha mwezi usanafike pakati. Bwana anaitanitsa mnyamata wa makompyuta kuti aike Zabbix, pulogalamu yolondera netiweki, n'cholinga chogwira womeza data: kaya ndi alendo, kaya ndi akukhitchini ndi TikTok yawo.

Mnyamata anaika, analandira zake, n'kukwera basi ya ku Joni. Pasiwedi anapita nayo m'mutu.

Tsono bwana akalemba "admin", pulogalamu ikukana. Zabbix imabwera ndi dzina loti Admin, la A wamkulu. Wamng'ono siimudziwa, ngakhale mutalumbira kuti malowo munamanga ndi thukuta lanu. Mukaphonya kasanu imakutsekerani kunja masekondi 30, kuti mtima uyambe watsika. Pasiwedi yobwera nayo, zabbix, mnyamata uja anaisintha, ndipo pamenepo tisamunene, poti aliyense wodziwa Google angaipeze.

Njira ilipo: kulowa mu database mosungidwa mayina n'kuikamo pasiwedi yatsopano. Koma nayonso database ili ndi pasiwedi yake, yolembedwa mu fayilo ya zabbix_server.conf, pakompyuta imene imafunanso pasiwedi. Zonsezi mwini wake ndi yemwe uja wa ku Joni, amene pa WhatsApp akungoonetsa tiki imodzi.

Pakadali pano pulogalamu ikugwira ntchito mokhulupirika usana ndi usiku. Wakuba data ikumuona bwinobwino, kungoti yasowa womuuza. Bwana ayamba kukayikira wophika nsima, poti masiku ano akumavina akamakazinga chambo.