Majumbo a chinangwa amene ndinalonjeza achemwali

Ndinalonjeza achemwali anga, amene amagulitsa tomato ndi matemba ku Makokoba kuno ku Bulawayo, kuti asiya kugula majumbo chifukwa ine ndiziwapangira a chinangwa, oti ukataya amawola okha. Ndinanena izi pamaso pa alamu ndi ana, mokweza, chonsecho zomwe ndinali nazo m'mutu zinali sayansi ya O Level ndi mavidiyo a pa YouTube basi.

Cholinga chokha ndiye sindichita nacho manyazi. Aliyense amene anadutsako ku dzala la Richmond, lomwe anthu amalitchula kuti Ngozi Mine, anaona mapulasitiki atakoleka pa mtengo uliwonse wa minga. Boma la Zimbabwe linaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 30 mu 2010, kaylite wa timabokosi toikamo chakudya anatsatira mu 2017, ndipo ku Malawi, kumene agogo anachokera pobwera kudzagwira ntchito ya njanji, analetsa osafika ma micron 60 mu 2015. Koma jumbo lochindikala siliwola, limangochedwa kung'ambika, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Kuno ndi kwa chimanga, chinangwa n'chosowa, ndiye ndinaitanitsa makaka pa basi, n'kusinja, n'kuviika, n'kusefa pa kansalu mpaka sitachi yoyera itadikha pansi pa ndowa, osaganiza n'komwe kuti ndowa imeneyo ndi imene achemwali anasungira madzi ophikira sabata ya water shedding, pamene madzi a m'mipopi amatsekedwa. Sanakalipe. Anangoyang'ana ndowa, n'kuyang'ana ine, n'kutuma mwana ku borehole, ndipo ine ndikanakonda akanakalipa. Ndinaphika sitachiyo ndi madzi ndi viniga mpaka itasanduka phala loonekera mkati, zomwe zimachitika kutentha kukafika cha m'ma digiri 60 mpaka 70, n'kuthira pa thireyi. Gilisalini ndinangodontheza pang'ono poganiza kuti ndi wongokometsera. Mphepo youma ya mu June itawomba, chipepala changa chinapindika, chinachita ming'alu, ndipo pochinyamula chinayoyokera m'manja.

Ntchito ya gilisalini, yemweyu timadzola m'nyengo yozizirayu, ndi kulowa pakati pa tinthambo ta sitachi kuti tizitsetsereka, tisamagwirane mouma. Nditamva zimenezo ndinati basi problem solved, n'kukhuthulira botolo lonse, ndipo chomwe chinatuluka chinakana kuuma, chinamata pa thireyi, chinamata m'zala, chinatola fumbi la pabwalo ndi nyerere zomwe, ndipo nditapeza mlingo wabwinoko n'kuyesa kumata m'mbali mwa jumbo ndi ayironi, chinapserera pa ayironipo, ine n'kupukuta mwachangu osauza munthu, m'mawa mwake alamu n'kusita malaya awo oyera a kutchalitchi.

Patapita nthawi linatuluka jumbo looneka bwino, lofewa, loti ukaliika pa dzuwa kuwala kumadutsa, ndipo ndinapita nalo ndekha pa benchi ya achemwali. Mayi wina anagula tomato wongowazidwa madzi, ine n'kulanda, n'kumuikira m'jumbo langa uku ndikufotokoza za chilengedwe, iye n'kuyenda pang'ono chabe, pansi pa jumbo n'kuboka, tomato n'kumwazikira mu msewu, ine n'kumakwawa pansi pa mabenchi a eni ake kutola mmodzimmodzi anthu akuyang'ana. Sitachi imakonda madzi, gilisalini amawakonda koposa, ndipo khalidwe lomwelo limene limachititsa kuti jumbo liwole m'nthaka ndi limene linalibowola lisanafike kunyumba kwa mayiyo. Apa m'pamene panagona nkhani yonse, koma ine ndinapitirira osaima.

Ndinawerenga kuti akatswiri amathira mafuta a soya, ndiye ndinatenga cooking oil wa m'khitchini. Anayandama pamwamba, ndipo chipepala chitauma chinkatuluka thukuta la mafuta. Amene amathira akatswiriwo ndi epoxidised soybean oil, mafuta amene asinthidwa kale ku fakitale kuti azigwirana ndi pulasitiki, chimodzimodzinso cardanol, amene amachokera ku makoko a mtedza wa cashew womwe umalimidwa kwambiri ku Nampula m'dziko la Mozambique. Ndinamvanso kuti citric acid amamanga tinthambo ta sitachi kuti tisamamwe madzi msanga, ndiye ndinafinyira mandimu osayeza, asidi n'kuchuluka, n'kudula tinthambo tomwe ndinkafuna kumangato, phala n'kusanduka madzimadzi. Khonje ndinadula ndi sizasi kuti alimbitse, koma anaunjikana malo amodzi ndipo jumbo linkang'ambikira pomwepo, chifukwa ulusi wotere amayamba autsuka ndi caustic soda, kuumitsa, kenako n'kuupera bwino. Ine ndinkaganiza kuti chomera ndi chomera sizingakanane, ndipo zowonjezerazi ndinkazithira ngati mchere wa m'ndiwo, pongolawa ndi maso.

Chomwe chimandichititsa manyazi kwambiri ndi cha PLA. Imeneyi ndi pulasitiki yochokera ku shuga wa chimanga kapena wa nzimbe, yolimba koma yosachedwa kuthyoka, ndipo ndinagula filament ya 3D printer n'kuiduladula kuti ndisakanize ndi sitachi yanga mu poto wa achemwali wophikira nsima. PLA imasungunuka kupitirira ma digiri 150, ndipo ikatenthedwa pali chinyontho imawonongeka, pomwe sitachi yanga inali yonyowa, ndiye zinathetheka, zinatupa, zinada, utsi n'kudzaza nyumba, ana n'kuthawira panja akutsokomola, oyandikana nafe n'kubwera ndi ndowa za madzi awo osowawo, ine nditaima pakhomo ndi mthiko m'manja. Makampani monga Novamont ya ku Italy, imene imapanga Mater-Bi, amasakaniza sitachi ndi mapulasitiki owola m'makina otchedwa extruder, kutentha ndi chinyontho zili zoyezedwa, ndipo zowonjezera zija ndi zimene zimagwirizanitsa sitachi yokonda madzi ndi pulasitiki yodana nawo.

Chibuluma chakudacho ndinachikwirira m'dimba la kuseri pamodzi ndi majumbo olephera aja. Polima nthawi ya mvula, a sitachi anali atatha osasiya chizindikiro, koma PLA inatuluka pa khasu ili momwemo. Imafuna kompositi ya ku fakitale yotentha cha m'ma digiri 58, ndipo muyezo wa ku Ulaya wa EN 13432 umanena za malo oterowo pofuna kuti magawo 90 pa 100 alionse awole m'miyezi 6. Ine ndinali nditauza kale amayi a pamsika paja kuti chilichonse chochokera ku chimanga atha kutaya m'munda, choncho ndinabwererako, benchi ndi benchi, kukawauza kuti asatero.

Pano ndagula sikelo ya magalamu, kope lolembamo miyezo ndi paketi ya citric acid wa ufa. Achemwali ataziona anati, “Achimwene, pitirizani, koma panja, ndiponso poto wanga mubweze kaye.” Ndikulipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi.