Tsabola Watiposa Kuyenda

Tiyenera kumuvulira chipewa tsabola wa kapiripiri, chifukwa pa nkhani yoyenda maiko watisiya kutali tonsefe. Malo odyera a Nando's anayambira ku Rosettenville mu Johannesburg mu 1987, n'kufika ku Ealing mu London mu 1992, ndipo lero nthambi zake ku Britain zapyola 400, kuchuluka kuposa za kwawo ku South Africa. Tsabola wothira nkhuku zakezo amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Amathyoledwa mmodzimmodzi zala zikuyabwa, n'kuyanikidwa, kenako n'kuwoloka nyanja osafola pa ofesi ya viza, osafunsidwanso kuti kubanki ali ndi zingati.

Ena angadandaule kuti mlimi naye bwenzi akulawako. Kumeneko n'kusamvetsa malonda: nthambi imalondola kumene kuli matumba olemera, ndipo mlimiyo zake analandira kalekale. Ndiponso ndi chifundo ndithu kumupewetsa zolipira ndalama zambiri kuti atuluke thukuta ndi mamina, pamene zimenezi amazipeza ulere kumunda. Anthu a ku Britain nawo amafola mwaulemu n'kulira patebulo mosakakamizidwa. Abale athu akafika kumeneko amatitumizira zithunzi akudya tsabola wa kuno, ife n'kumasirira titakhala pafupi ndi munda wake.