Walira Mvula Walira Matope, Ngakhale Padoko la Amsterdam

Akale ponena kuti walira mvula walira matope ankaganiza za mlimi amene mu Novembala khosi limamuwawa ndi kuyang'ana kumwamba, koma Januwale akafika n'kumatukwana njira yoterera. Sankadziwa kuti mwambiwu udzakwera bwato la thanga n'kukafika ku Netherlands.

Ku Amsterdam kuli chikondwerero cha zombo chotchedwa SAIL. Chinayamba mu 1975, mzindawu utakwanitsa zaka 700, ndipo chimachitika kamodzi pa zaka 5 zilizonse. Cha 2020 chinalephereka chifukwa cha Covid-19, choncho pofika Ogasiti 2025 eni mabwato anali atalira mvula zaka 10 zathunthu.

Ndiye inagwa. Tsiku loyamba zombo zikuluzikulu za matanga, zonga Stad Amsterdam, zimandondozana kuchokera ku IJmuiden kudzera mungalande ya Noordzeekanaal mpaka pamadzi otchedwa IJ, kuseri kwa siteshoni yaikulu ya sitima. Ngalandeyo anaitsegula mu 1876 kuti muzidutsa zombo zamalonda. Patsikuli mumadzaza aliyense amene ali ndi kanthu koyandama, mabwato masauzande opanikizana ngati usipa m'dengu.

Matope oyamba ali pomwepo. Mwini bwato wabwera kudzalemekeza matanga, koma thanga lake lili chipindire, chimangire. M'khamu lotere mphepo ilibe ntchito. Ikugwira ntchito ndi injini, ndipo kamphepo kanyanja kamene ankakalota chaka chonse kakununkha dizilo wa mnzake wakutsogolo. Chombo chachikulu chija chikudutsa, ana akukuwa kuti taonani, iye maso ali pachigubu chamalabala cholendewera m'mbali mwa bwato, kuopa kuti wina amukanda penti. Amene wabwera pa sitima yapamtunda n'kuima m'mphepete mwa madzi ndi buledi m'manja waona zonse, mpaka amalinyero okhala ndandanda pamwamba pa milongoti.

Usiku ndiye kumakhala matope a m'maondo. Malo okochezapo akachepa, mabwato amamangirirana m'mbalimbali, ili pa ili, mzere kutalika. Wofika mochedwa amakhala kunja kwenikweni, ndipo kuti akaponde mtunda ayenera kudutsa pamabwato onse a anzake. Mwambo wa amalinyero umati udutse kutsogolo kwa mlongoti, osati kumbuyo kumene eni ake amakhala ndi kudyera. Mwambowu umagwira bwino masana. Zophulitsa zamoto zikatha, anthu atanyowetsa kukhosi, ogona m'kati amangomva phazi gu! gu! pamutu pawo, kenako wina kupunthwa pachingwe n'kupepesa mokweza kwambiri moti amene anatsala mtulo nayenso n'kudzuka.

M'bandakucha, mwini bwato lam'kati, amene anafika moyamba n'kumadzitama kuti wapeza malo abwino, amafuna kunyamuka. Mzere wonse uyenera kumasula zingwe kuti iye atuluke, ndipo amuna akuluakulu amatuluka ndi zovala zogonera, maso ali psuu, kumwetulira kwa ulemu kuli pakamwa pokha.

Chodabwitsa n'chakuti onsewa amadandaula chinthu chimodzi: anthu achuluka. Mu 2015 alendo anapitirira 2 miliyoni, ndipo n'zokayikitsa ngati analipo mmodzi amene anadziwerengera m'gulu la ochulukawo. Aliyense amadziona ngati dontho loyera la mvula. Matope ndi enawo.

Kubwerera nako kuli ndi matope ake. Olowera kum'mawa, kunyanja ya Markermeer, ayenera kudutsa pazipata zamadzi za Oranjesluizen, pomwe mabwato amalowa kagulu, chitseko n'kutseka, madzi n'kulingana ndi a tsidya linalo, kenako n'kutuluka. Amene dzulo ankakwezerana matambula lero akuyang'anana cham'mbali, aliyense akukumbukira bwinobwino kuti pamzerepo anafika ndani poyamba.

Akangodutsa pamenepo madzi amatambasuka. Injini imazima, thanga limakwera, bwato n'kupendekeka pang'ono n'kuyamba kuthamanga monga analipangira. Ulendo wa thanga weniweni umayamba chikondwerero cha matanga chitatha. Mwini bwato amalumbirira mkazi wake kuti zimenezi ndiye zomaliza, sadzapitakonso. Mayiwo sayankha. Akudziwa kuti SAIL yotsatira ndi ya 2030, ndipo bambo ayamba kale kufunsa anzawo doko limene lingakhale ndi malo.